MBIRI YA SHAFITI NDI KUNJENJEMERA KWAKE

Chigwa cha Domasi

Pakati pa phiri la Zomba ndi phiri la Malosa pali chigwa chachikulu m'mene muyenda mtsinje wa Domasi. Mtsinjewo utsika m'mapiri, nudutsa msewu waukulu wochokera ku Zomba kunka ku Liwonde, nukathira m'nyanja ya Chilwa. Kale munthu woyenda m'midzi ya m'chigwachi mbandakucha ankamva kugunda kwa minsi m'mitondo, pakuti ufa wonse unkachokera m'manja mwa amayi. Masiku ano chimene chimveka kutali ndi kulira kwa chigayo. Pa Malosa, pa Domasi ndi pa Songani amayi afika ndi mphale yawo pamutu, ndipo ntchito imene inkatha tsiku lathunthu itha m'kanthawi kochepa.

M'kati mwa chigayo chilichonse muli chitsulo chachitali chobulungira chimene amisiri achitcha shafiti. Ntchito yake ndi kulandira mphamvu ya injini kapena ya mota ndi kuipereka ku nyundo zimene ziphwanya chimanga. Shafiti ipezekanso m'galimoto, m'sitima ya panyanja, m'makina opopa madzi ndi m'makina opanga magetsi pa mtsinje wa Shire. Imagona pa zogwiriziza ziwiri kapena zingapo zotchedwa maberingi, zimene ziilola kuzungulira koma osachoka pamalo pake.

Pali nthenda imodzi imene igwira mashafiti onse, aang'ono ndi aakulu omwe, ndiyo kunjenjemera. Ikalowa m'chigayo, maberingi atentha, mabauti amasuka, simenti ya pansi ing'ambika, ndipo tsiku lina chitsulo chithyoka. Mwini wake ataya chuma, amayi ayambanso kuyenda mtunda wautali ndi matumba, ndipo nthawi zina chidutswa chothyokacho chivulaza munthu. Anthu ophunzira a maiko akutali anatha zaka 50 akutsutsana za nthenda imeneyi asanaimvetse bwino. Mbiri ya mkangano umenewo ndi ya zimene anapeza iyenera kudziwika kwa aliyense wokhala pafupi ndi makina.

Zimene makolo ankadziwa

Makolo a dziko lino sanali alendo pa zinthu zozungulira. M'chaka cha 1859, pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire nafika ku nyanja ya Chilwa, anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu m'midzi yawo. Chopotera thonjecho chinali kamtengo kowongoka kokhala ndi kagudumu kolemerako, ndipo ankachitcha njinga, dzina limene pambuyo pake linapatsidwa kwa njinga yopalasa. Wopota aliyense ankadziwa kuti kamtengoko kakapindika, kapena bowo la kagudumu likapanda kukhala pakati penipeni, njingayo ivina ndipo ulusi uduka. Anyamata osema nguli adziwanso zomwezo: nguli yolemera mbali imodzi siima bwino, idzandira ngati woledzera ndi kugwa msanga.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Munthu akamanga mwala pa chingwe ndi kuuzunguza pamwamba pa mutu wake, amva chingwecho chikukoka dzanja lake. Momwemonso mbali yolemera ya gudumu ikoka shafiti nthawi yonse imene gudumulo lizungulira. Koma pali lamulo limene makolo sakanatha kuliona, pakuti zozungulira zawo zinali za pang'onopang'ono. Liwiro likawirikiza kawiri, kukokako kuwirikiza kanayi. Liwiro likawirikiza katatu, kukokako kuwirikiza ka 9.

Nachi chitsanzo. Nyundo ina ya m'chigayo ilemera kuposa inzake ya mbali ina ndi magalamu 10 okha, ndiko kulemera kwa njere za chimanga ngati 30. Nyundoyo ili masentimita 20 kuchokera pakati pa shafiti, ndipo chigayocho chizungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, monga zichitira zigayo zambiri. Njere 30 zija zidzakoka shafiti ndi mphamvu yolingana ndi makilogalamu 20, ndiko kulemera kwa ndowa yodzaza madzi ya malita 20. Zidzakokera kumwamba, kumbali, pansi ndi kumbali inayo ka 50 pa sekondi iliyonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. 

Liwiro loopsa

Zaka ngati 200 zapitazo ku Britain kunayamba kuchuluka mafakitale oomba nsalu. Injini imodzi ya nthunzi inkayendetsa mashafiti aatali opachikidwa pansi pa denga, ndipo kuchokera pa mashafitiwo malamba achikopa ankatsikira ku makina mazanamazana. Eni ake anafuna kuti makina azithamanga koposa kuti apindule kwambiri. Pamenepo amisiri anaona chinthu chodabwitsa. Shafiti yowongoka, imene inkayenda bwino, ikafika pa liwiro lina inkapindika ngati uta ndi kuyamba kuzungulira mokhota monga chingwe chimene atsikana adumpha posewera. Akapanda kuimitsa injini msanga, inkathyoka.

Kuti munthu amvetse zimenezi ayenera kukumbukira zinthu ziwiri za pamudzi. Choyamba ndi sansi. Kachitsulo kalikonse ka sansi kali ndi liwu lake: kakatali kagwedezeka pang'onopang'ono ndi kutulutsa liwu lalikulu, kakafupi kagwedezeka msanga ndi kutulutsa liwu laling'ono. Shafiti yogona pa maberingi awiri nayonso ili ndi kagwedezekedwe kake kachibadwa. Ukaimenya pakati, injenjemera ndi chiwerengero chake pa sekondi, osasintha. Chachiwiri ndi katungwe. Mwana wamng'ono angathe kukweza mnzake wamkulu m'mwamba ndithu, ngati amukankha pa nthawi yake, pamene katungwe ayamba kubwerera. Mphamvu yochepa yobwera pa nthawi yoyenera iunjikana mpaka kukhala yaikulu.

Tsono shafiti ikazungulira ndi chiwerengero chofanana ndi cha kagwedezekedwe kake kachibadwa, kukoka kwa mbali yolemera kufika pa nthawi yake ulendo uliwonse, monga wokankha katungwe uja. Kupindika kukula, ndipo kupindikako kutaya kulemera kutali ndi pakati, kukoka n'kukulirakulira. Liwiro limenelo ndilo amisiri alitcha liwiro loopsa.

Woyamba kulemba masamu a nkhaniyi anali William Rankine, mphunzitsi wamkulu wa zaumisiri pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland, dziko lomwelo kumene kunachokera amishoni amene anatsegula Domasi mu 1884. M'chaka cha 1869 Rankine anasonyeza kuti liwiro loopsa lingathe kuwerengedwa munthu akadziwa utali wa shafiti, kunenepa kwake ndi kulimba kwa chitsulo chake. Pamenepo ananena zoona. Koma anaonjeza kuti kupitirira liwiro limenelo shafiti idzangopindikabe mpaka kuthyoka, ndipo pamenepo analakwa, chifukwa m'masamu ake anasiya mphamvu ina imene igwira ntchito pa zinthu zoyenda mozungulira. Popeza Rankine anali munthu wotchuka ndi wolemekezeka, amisiri ambiri anakhulupirira mawu ake osawayesa. Iye anamwalira mu 1872, koma chiphunzitso chake chinatsala. Amisiri anaona liwiro loopsa ngati khoma losadumphika, napanga mashafiti onenepa ndi olemera kuti khomalo likhale kutali.

Munthu amene anadumpha khoma

Ku Sweden kunali mmisiri wina dzina lake Gustaf de Laval, amene anabadwa mu 1845. M'chaka cha 1878 iye anapanga makina olekanitsa mafuta a mkaka ndi mkaka wake pouzunguza mwamphamvu, ndipo kampani imene anayambitsa ikalipo, dzina lake Alfa Laval. Atatero anayamba kupanga injini ya mtundu watsopano. M'malo mwa zitsulo zokankha uku ndi uku, anaika gudumu lokhala ndi timapiko tambiri m'mphepete mwake, ndipo nthunzi yotuluka mwamphamvu pa kakamwa kopapatiza inkaomba timapikoto. Makina otere atchedwa tabaini. Gudumu la de Laval linkatha kuzungulira ka 30,000 pa mphindi, ndiko kunena ka 500 pa sekondi imodzi.

Pa liwiro lotere ngakhale kulemera kochepetsetsa kokhala mbali imodzi kusanduka mphamvu yoopsa, ndipo palibe mmisiri pa dziko lapansi amene angasule gudumu lolingana kotheratu. Shafiti yonenepa inkangopereka kugwedezeka konseko ku maberingi. De Laval anachita chinthu chimene anzake anachiyesa misala: anaika gudumulo pa shafiti yaitali ndi yoonda, imene pa makina aang'ono sinkaposa chala cha munthu kunenepa. Shafiti yofewa chotere ili ndi liwiro loopsa lotsika kwambiri. Makinawo akayamba kuyenda ankafika msanga pa liwirolo, nagwedezeka kanthawi, nalipitirira. Ndipo kutsogolo kwake, kumene Rankine ananena kuti kuli chionongeko, gudumulo linkayenda mwakachetechete. Pofika 1889 matabaini a de Laval anali kugwira ntchito pa liwiro loposa liwiro lawo loopsa kangapo.

Katungwe afotokozanso chinsinsi chimenechi. Munthu akagwira katungwe ndi kumugwedeza mofulumira kwambiri, kutsogolo ndi kumbuyo, wokwerayo sapita patali konse, chifukwa thupi lake lolemera lilibe nthawi yotsatira kukankha kulikonse. Chomwecho gudumu lothamanga kupitirira liwiro loopsa silitsatanso kukoka kwa mbali yake yolemera. Lidzisankhira lokha pakati pake penipeni, pamene pali mtima wa kulemera kwake, ndi kuzungulira pamenepo. Shafiti yofewa ija ingogonjera ndi kupindika pang'ono.

Chifanizo cha Jeffcott

Makina a de Laval ankayenda, koma mabuku ankanenabe kuti sangayende. Nkhaniyi inali yofunika ndithu, pakuti mu 1884 Charles Parsons wa ku England anapanganso tabaini yake, ndipo mizinda ikuluikulu inayamba kufuna magetsi opangidwa ndi makina othamanga. Mu 1894 Stanley Dunkerley wa ku Manchester anayesa mashafiti ambiri okhala ndi magudumu a malamba, napeza njira yapafupi yowerengera liwiro loopsa la shafiti yonyamula magudumu angapo. Mu 1895 August Föppl wa ku Munich anasonyeza ndi masamu kuti de Laval sanalakwe. Koma iye analemba m'Chijeremani, ndipo amisiri ambiri a ku Britain sanasamale zolemba zakezo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mkangano unapitirirabe zaka zina zoposa 20.

Amene anathetsa mlanduwo anali Henry Jeffcott, mphunzitsi wa zaumisiri ku Dublin m'dziko la Ireland. Iye analemba mu 1919, patapita zaka 50 chilembere Rankine. Nzeru yake inali yochotsa zonse zosafunika. Makina enieni ali ndi zitsulo zambirimbiri, ndipo munthu wofuna kuziwerengera zonse pamodzi asokonezeka. Jeffcott anajambula papepala chifanizo chosavuta: gudumu limodzi lolemera, lokhala pakati pa shafiti yoonda, shafitiyo itagona pa zogwiriziza ziwiri. Anati mtima wa kulemera kwa gudumulo uli pambali pang'ono, ndipo anawerengeranso kanthu kena kamene anzake ankakasiya, ndiko kukaniza kwa mpweya ndi zina zimene zichepetsa kugwedezeka, monga madzi achepetsera liwiro la dzanja loyenda m'kati mwake.

Chifanizo chimenechi chinayankha mafunso atatu. Pansi pa liwiro loopsa, mbali yolemera ya gudumu ikhala kunja, ndipo kugwedezeka kukula pamodzi ndi liwiro. Pa liwiro loopsa lenilenilo kugwedezeka kufika pachimake, koma kukula kwake kutenga nthawi, ndipo kukaniza kuja kuuikira malire. Chotero makina odutsapo mofulumira apulumuka, koma makina ochedwerapo aonongeka. Pamwamba pa liwiro loopsa, mbali yolemera itembenukira m'kati, ndipo kugwedezeka kuchepa. Khoma lija linapezeka kuti silinali khoma, koma mtsinje umene munthu aoloka osaima pakati.

Chifanizo cha masamu chifanana ndi mapu. Mapu si dziko lenileni. Sasonyeza mtengo uliwonse kapena chulu chilichonse, koma aulendo adziwa nawo pamene pali phiri ndi pamene pali dooko. Kufikira lero ophunzira zaumisiri ayamba phunziro la mashafiti ndi gudumu limodzi lija. M'maiko olankhula Chingerezi alitcha ndi dzina la Jeffcott, ndipo ku Germany alitcha ndi dzina la de Laval.

Sitima za panyanja

Mashafiti aakulu oyamba kufika m'dziko lino anabwera ndi sitima za pamadzi. Ilala yoyamba inalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 October 1875, amtengatenga mazanamazana atainyamula zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire. Mpingo wa Anglican, umene lero uli ndi likulu la dayosizi ya Upper Shire pa Malosa pamodzi ndi chipatala cha St Luke's ndi sukulu ya sekondale, unali ndi sitima zakenso zoyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja. Yotchuka mwa izo ndi Chauncy Maples, yotchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Inapangidwa ku Glasgow, inafika kuno m'mitolo yoposa 3,000, ndipo mphika wake wa nthunzi wolemera matani 11 unakokedwa pamtunda ndi amuna 450. Amisiri anailumikiza pafupi ndi Mangochi, ndipo inalowa m'madzi mu 1901. M'sitima yotere shafiti ichokera ku injini ndi kutulukira kumbuyo, kumene izunguza chopalasira madzi, ndipo iyenera kugona mowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba.

M'zaka zomwezo sitima zikuluzikulu za pa nyanja zamchere zinali pa vuto. Mashafiti awo ankathyoka pakati pa ulendo, ngakhale anali a chitsulo chabwino ndi onenepa mokwanira monga mwa masamu a nthawiyo. Hermann Frahm, mmisiri wa pa kampani yopanga sitima ya Blohm & Voss ku Hamburg, anakwera sitima nayesa mashafiti ali pa ntchito, ndipo mu 1902 anaulula chifukwa chake. Injini ya mapisitoni sikankha mosalekeza ayi, koma igunda mosinthana, monga amayi atatu osinja mu mtondo umodzi. Kugunda kulikonse kupotokola shafiti pang'ono, monga mayi afinyira chovala chochapa, ndipo shafitiyo ibwerera. Kupotokola kumeneku nakonso kuli ndi chiwerengero chake chachibadwa. Kugunda kwa injini kukagwirizana nacho, chitsulo chitopa, chiyamba kamng'alu kopendekeka, ndipo tsiku lina chiduka. Nthenda imeneyi ndi yobisika, pakuti shafiti yopotokoka ioneka ngati yowongoka.

Frahm anapanganso chida choyezera liwiro chofanana kwambiri ndi sansi. Chili ndi mzere wa timalilime tachitsulo, kalikonse ndi chiwerengero chake. Chidacho chikakhudza makina oyenda, lilime limodzi lokha ligwedezeka kwambiri, ndipo nambala yolembedwa pansi pake inena liwiro la makinawo.

Mu 1921 Heinrich Holzer anafalitsa njira yowerengera kupotokola kumeneku pa tebulo la manambala, sitima isanapangidwe. Njira yotere inafunika koposa pamene injini za dizilo zinalowa m'malo mwa za nthunzi, chifukwa dizilo igunda mwamphamvu. Ilala yachiwiri, imene inapangidwa ku Glasgow mu 1949 ndi kuyamba kuyenda kuchokera ku Monkey Bay mu 1951, ndi ya dizilo, ndipo Chauncy Maples nayo inalandira injini ya dizilo mu 1967. Pa sitima zambiri za pa dziko lapansi wotchi yosonyeza liwiro la injini ili ndi chigawo chopakidwa utoto wofiira. Woyendetsa injini aloledwa kudutsa pamenepo, koma osakhalitsapo.

Mafuta, nsungwi ndi kompyuta

Amisiri atasiya kuopa liwiro loopsa anapanga makina opepuka ndi othamanga, ndipo anakumana ndi mdani wina. Mashafiti aakulu sagona pa timipira tachitsulo monga m'chigayo. Ayandama pa mafuta opyapyala amene ali pakati pa shafiti ndi beringi. M'zaka za 1924 ndi 1925 Burt Newkirk, wa pa kampani ya General Electric ku America, anapeza kuti mafutawo angathe kugwedeza shafiti ngakhale gudumu lake lili lolingana bwino. Shafiti ikoka mafuta kuti azungulire nayo pa liwiro lochepera pang'ono theka la liwiro lake, ndipo mafutawo ayamba kuinyamula ndi kuizunguza m'kati mwa beringi. Mankhwala ake anapezeka posintha kapangidwe ka maberingi.

Panalinso vuto la kuwerengera. Shafiti ya makina aakulu ndi yonenepa pena ndi yoonda pena, inyamula magudumu ambiri, ndipo ili ndi maliwiro oopsa angapo, osati limodzi. Mu 1944 Nils Myklestad, ndipo mu 1945 Melvin Prohl, anasonyeza njira yoigawa papepala m'zigawo zing'onozing'ono, monga nsungwi igawikira pa mfundo zake. Wowerengera ayamba ku nsonga imodzi, napeza mmene chigawo choyamba chipindikira, napereka yankholo ku chigawo chachiwiri, mpaka kufika ku nsonga inayo. Ntchitoyi inali yaitali ndi yotopetsa pochita ndi manja. M'zaka za m'ma 1970 makompyuta anaitenga, ndipo mu 1976 Nelson ndi McVaugh anafalitsa njira imene mapulogalamu ambiri a masiku ano atsatira. Lero mmisiri aona pa kompyuta mmene shafiti idzagwedezekere chitsulo chake chisanasungunulidwe n'komwe.

Pa mtsinje wa Shire

Kumpoto kwa Malosa, pa Liwonde, pali chotchinga madzi cha Kamuzu Barrage chimene chinamangidwa mu 1965 kuti madzi a Shire aziyenda mwa muyeso. Chaka chotsatira, mu 1966, makina atatu oyamba a pa Nkula anayamba kupanga magetsi okwana mamegawati 24. Pambuyo pake panabwera Tedzani mu 1973 ndi Kapichira mu 2000. Kuyambira 2017 malo amenewa ali m'manja mwa kampani ya EGENCO. Magetsi amene ayendetsa zigayo za m'chigwa cha Domasi ndi kuunikira chipatala cha pa Malosa achokera makamaka ku mashafiti a pa mathithi amenewo.

Makina a madzi sathamanga ngati a nthunzi. Azungulira mazana ochepa pa mphindi, pansi pa liwiro lawo loopsa. Koma opanga ake ayenera kuwerengera tsiku la ngozi. Mawaya akaduka mwadzidzidzi, makina apepukidwa katundu pamene madzi akali kuthira, ndipo angathe kuthamanga pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro lawo la masiku onse zitseko za madzi zisanatsekedwe. Chotero shafiti ipangidwa mwakuti liwiro lake loopsa likhale pamwamba pa liwiro limenelonso.

Shire ali ndi mavuto akeake. Namasupuni ndi zinyalala zitseka polowera madzi, ndipo mchenga wokokoloka m'minda ndi m'mapiri opanda mitengo upala mapiko a gudumu la madzi. Mapiko akadyeka mosalingana, gudumu lilemera mbali imodzi monga nguli yosemedwa molakwika. Mitsinje ya kumadzulo kwa phiri la Malosa itsikira ku Shire, motero nkhwangwa yodula mitengo paphiri ifika ndithu mpaka ku shafiti ya pa Nkula.

Chimene chichitika anthu akanyozera kunjenjemera chinaoneka ku Russia pa 17 August 2009, pa malo aakulu opangira magetsi a Sayano-Shushenskaya pa mtsinje wa Yenisei. Amodzi mwa makina 10 a pamalopo anakhala akugwedezeka kupitirira muyeso kwa nthawi yaitali, koma sanaimitsidwe. Mabauti ogwira chivundikiro chake anatopa ndi kuthyoka, madzi anatukula makina olemera matani mazanamazana, nadzaza nyumba yonse. Anthu 75 anafa. Zida zoyezera zinali kunena zoona, koma chenjezo lake silinatsatidwe.

Phunziro kwa a pachigayo

Zigayo zinayamba kufala m'midzi ya dziko lino pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, poyamba za dizilo, kenaka za magetsi. Mwini chigayo alibe kompyuta, koma malamulo amene Rankine, de Laval ndi Jeffcott anavutika nawo ndi omwewo amene alamulira chitsulo chake, ndipo nzeru zawo zingathe kutsatidwa ndi sikelo, choko ndi khutu.

Nyundo zikatha, zisinthidwe zonse pamodzi, ndipo zoyang'anizana ziyesedwe pa sikelo kuti zilemere mofanana. Kuotcherera chitsulo pa nyundo imodzi yokha ndiko kuika njere 30 zija m'makina. Gudumu lililonse lingathe kuyesedwa makina atazimitsidwa ndi lamba atachotsedwa: munthu alizunguze ndi dzanja, alembe choko pamene pathera pansi, ndi kubwereza kangapo. Likamaima pa malo amodzimodzi, mbali imeneyo ndi yolemera. Ndicho chifukwa chake okonza matayala a galimoto amata tizitsulo m'mphepete mwa gudumu.

Magudumu awiri a lamba akhale pa mzere umodzi, lamba asathine kopambana, ndipo atchingidwe kuti asakole nsalu ya munthu. Mabauti a pansi amangidwe kawirikawiri, maberingi alandire girizi pa nthawi yake, ndipo chimanga chisankhidwe kuti mwala kapena msomali usalowe ndi kubenthula nyundo. Koposa zonse, mwini chigayo asasinthe gudumu la lamba ndi cholinga chakuti makina athamange kuposa muyeso wa amene anawapanga. Phindu lake ndi lochepa, koma kukoka kwa mbali yolemera kukula mowirikiza, ndipo shafiti ingathe kufika pa liwiro limene wopanga uja analipewa dala.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mawuwo ndi oona pa zinthu zambiri za moyo, koma shafiti ndiyo imodzi imene iimba ng'oma isanathyoke. Liwu la chigayo lisintha, beringi itentha, ufa wa pansi uyamba kuvina pa simenti. Wogayitsa amene amva zimenezi ndi kuzimitsa makina ataya ndalama za tsiku limodzi. Amene adikira kuti amalize matumba a pamzere angathe kutaya chigayo chonse, kapena moyo wa munthu woima pafupi.